Rimoti ya aNgozo

(Kulira kwa hamala. Tambala.)

NABANDA: ANgozo! Kuzizira konse kuno kwa ku Dedza, inu m'mamawa khoo! khoo! Mukukhoma bokosi la ndani?

NGOZO: Bokosi? Iyi ndi galimoto ya ana yoyendera rimoti, mayi. Mwana akakhalamo, ine ndili pakhonde, ndikadina apa apita kumanja, ndikadina apa aima.

NABANDA: Mwana kumvera mukangodina?

NGOZO: Nthawi yomweyo!

NABANDA: Nanga munthu wamkulu?

NGOZO: Wamkulu n'ngolemera, batire ingathe msanga.

NABANDA: Bambo a Chisomo ngowonda ngati bango. Ndibwerekeni Loweruka. Akangokhala pa bawo ku Bembeke, ine dii, abwere okha.

NGOZO: Ayi, mayi, sizikutero...

NABANDA: Kapena pali pochepetsera mawu? Akaledzera amaimba usiku wonse.

NGOZO: Rimotiyi imalankhula ndi mota, osati munthu!

NABANDA: Ndiye amezetseni motayo.

NGOZO: Mverani! Mamota awiri a waipa ya galimoto, ina tayala lakumanja, ina lakumanzere. Batire ya mavoti 12, ya njinga yamoto. Matayala a wilibala.

NABANDA: Wilibala yanga ija munati yabedwa?

NGOZO: (kutsokomola) Zimenezo n'zachitukuko. William Kamkwamba anatola zitsulo zotayidwa ku Wimbe mu 2002, ali ndi zaka 14, napanga magetsi a mphepo. Lero dziko lonse likumudziwa.

NABANDA: Uja anali mwana. Inu ndi imvi zonsezi, mukudziwika kwa amfumu kokha, pa milandu ya mbuzi.

NGOZO: Nsanje!

NABANDA: Ndipo pa mtsetse pano, chikathawa ndi mwana wa eni kukathera mu msewu wa M1?

NGOZO: Sichiposa liwiro la munthu woyenda pansi. Mota ya waipa ikazima, tayala limagwira. Pali lamba, pali batani lofiira lodula moto, ndipo rimoti agwire wamkulu, pabwalo lafulati basi, osati kumsewu.

NABANDA: Hmm. Chisomo wanga angakwereko?

NGOZO: Mukapepesa kaye za bokosi.

(Patali, mwamuna akuimba moledzera.)

NABANDA: Awo akubwera! Patseni kuno!

NGOZO: Mayi, musadine! Chikuloza kukhola langa!

(Mota ikulira. Nkhuku: kwee! kwee! Nyimbo ileka.)

NABANDA: Mwaona? Akhala chete! Mugulitsa zingati?