Nduna ya Mtendere wa Usiku

Mwamuna wokhala pachikamwini, monga ndikhalira ine kuno kufupi ndi Mulanje Mission, amaweruzidwa pa zinthu ziwiri, ndizo kukula kwa nkhokwe yake ndi bata la nyumba yake usiku. Ndipo popeza nkhokwe yanga siinapatsepo apongozi chifukwa cholulutira, ndinatsimikiza mumtima kuti ulemu wanga ndiupeze pa chachiwiricho. Chotero mzime wathu ataletsedwa kuyamwa, nayamba kulira usiku kulira komveka mpaka ku Chitakale, ndinadzidzoza ndekha kukhala nduna ya mtendere, ndipo ndodo ya ufumu wangayo inali botolo.

M'botolomo ndinkathiramo tiyi, pakuti ife ozingidwa ndi minda ya tiyi kufikira ku Lujeri tingamwetsenso munthu chiyani? Pamwamba pake ndinkaonjezapo shuga wa ku Nchalo ndi dzanja losaumira, ndi mkaka ngati mwezi unali usanapite patali, ndipo kalongayo ankagona chiyamwire, ine n'kumaliza mkonono ngati munthu wopanda ngongole. Mayi akunyumba atandichenjeza kuti, "Bambo a mwana, kusikelo amatiletsa zimenezi," ndinawayankha mwaulemu wonse kuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imufotere yekha, ndi kuti mano aukhanda ndi alendo chabe, amene mawa lino tidzawaponya padenga kuti khwangwala abweretse ena.

Koma taonani, chimene chinafota sichinali nyanga ayi. M'mbali mwa nkhama za m'mwamba munayamba timizere toyera ngati choko, timene pang'onopang'ono tinasanduka tofiirira, kufikira mwanayo anayamba kukana madzi ozizira ndi kuthawa chinanazi. Ine, pokhala munthu wozama, ndinalengeza kuti matendawa ndi akumtundu, ndipo poti mwana ndi wa kuchikazi, aliyense anamva mtundu umene ndinkanena. Amalume ake sanatsutsane nane, anangotilamula kupita kuchipatala cha mishoni, cha Sinodi ya Blantyre, kumene dokotala wa mano anandifunsa funso limodzi lokha: "Kodi mwanayu amagona ndi chiyani mkamwa, bambo?"

Zimene ndinaphunzira kumeneko, nditazolika mutu, ndi izi. Mkamwa mwa munthu aliyense muli tizilombo tosaoneka timene timadya shuga ndi kutulutsa asidi wosungunula dzino. Masana malovu amatsuka asidiyo, koma munthu akagona malovu amachepa, kotero kuti tiyi, mkaka kapena madzi a zipatso otsalira mkamwa amagwira ntchito yawo usiku wonse popanda wowaletsa. Mano akutsogolo a m'mwamba ndiwo amayamba kuwola, chifukwa am'munsi amabisala kunsi kwa lilime. Ndipo alendo anga aja, amene amayamba kumera mwana ali ndi miyezi ngati 6 nakwana 20 pofika zaka zitatu, sachoka msanga monga ndinkalalikira: oyamba amagweduka pa zaka ngati 6, am'mbali ena amafika zaka 11 kapena 12, ndipo nthawi yonseyo amatafuna, amathandiza kuyankhula, nasungira malo mano achikulire. Dzino laukhanda likazulidwa nthawi isanakwane, lachikulire limapeza anzake atalowerera malire, nilimera chopingasa. Esau anagulitsa ukulu wake ndi mphodza, koma anagulitsa zake. Ine ndinagula tulo ndi mano a mwini.

Chilango changa chinali chakuti ndiphwasule ndekha ufumu wanga. Usiku uliwonse ndinkachepetsa tiyi ndi kuchulukitsa madzi, kufikira m'botolo munatsala madzi okhaokha, amene kalongayo analawa, nandiyang'ana monga munthu ayang'anira wamalonda wakuba pasikelo, naliponya kukhoma. Chakumwa chinasamukira m'kapu, chimene anzanga ozindikira amayamba mwana ali ndi miyezi 6, nataya botolo chaka chikangokwana. Mano tinayamba kutsuka m'mawa ndi pogona, ndi mswachi wofewa ndi mankhwala okhala ndi fluoride ochepa ngati kambewu ka mpunga, ndipo akatsuka usiku palibe cholowa mkamwa koma madzi. Kulira kunalipo, ndipo mudzi wonse unamva. Koma chimene chinandichititsa manyazi n'chakuti mwanayo anaiwala botolo msanga kuposa ine, pakuti iye atagona kale mwa kumusisita pamsana, ine ndinali kudzukabe pakati pausiku ndi kufufuza chitini cha shuga mumdima.

Dziko lathu linayamba kuphunzitsa lokha madokotala a mano a digiri m'chaka cha 2019, ku Blantyre, pa sukulu imene lero ndi Kamuzu University of Health Sciences, ndipo padzapita nthawi asanakwanire mudzi uliwonse. Pakali pano mlonda wa mano a mwana ndi yemwe amamugoneka. Chifukwa chake, akamwini anzanga, kuwongola mtengo m'poyamba: lolani mwana alire mausiku owerengeka chifukwa cha botolo, apongozi anene zimene anganene, koposa kuti adzalire pampando wozulira mano inu mutamugwira miyendo.