Nsapato zoyera, mano 19

Ife a kunyanja kuno timadziwika ndi kutchena. Funsani aliyense kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, akuuzani kuti Mtonga akhoza kugona ndi njala koma sangatuluke ndi malaya osasita. Ine ndine mmodzi wa iwo. Ndili ndi zaka 68, ndipo zambiri mwa izo ndathera m'boma la malipenga kwathu kuno cha ku Chintheche: kabudula woyera, masokosi ofika m'mawondo, nsapato zansalu zoyera kuposa mchenga wa ku Kande. Wenzulo amaliza ndine. Kapena ndinene kuti ankaliza ndine.

Chinsinsi cha nsapato zimenezi lero ndiulula. Mwana wanga wamkazi ali ku Joni, ndipo chaka chilichonse amanditumizira mswachi ndi Colgate wamkulu uja. Ine, monga munthu wanzeru, ndinazindikira kalekale kuti palibe polishi woyeretsa nsapato zansalu woposa ameneyu. Madzulo aliwonse ndinkakhala pakhonde, nsapato pamwendo, mswachi m'manja, kukwecha mpaka m'timipata ta zingwe. Nsapato zanga zakhala zikutsukidwa ndi fluoride kwa zaka khumi, ndipo ndikhoza kuchitira umboni kuti palibe ngakhale imodzi inabookapo.

Tsoka linadza tikupikisana ndi boma la mudzi woyandikana nafe. Ng'oma itakolera, ine ndakweza bondo, ndodo ili m'khwapa, ndinauzira wenzulo ndi mphamvu zanga zonse. Wenzulo anauluka. Dzino lomwe linkamugwira, lomwe linali litagwedera kuyambira nthawi ya dzinja, linati silingasiyane ndi bwenzi lake, linamutsatira. Amayi anayimba nthungululu poganiza kuti ndi sitepe yatsopano. Ine ndinavina mpaka nyimbo kutha, pakamwa nditatseka ngati munthu wosunga chinsinsi cha boma.

Madzulo ake mdzukulu wanga wa Sitandade 6 anabwera ndi tochi ya pafoni.

"Agogo, yasamulani."

Anawerenga kawiri, chifukwa aphunzitsi awo anati masamu amafunika kubwereza. "Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32. Inu muli ndi 19. Ena aja ali kuti?"

Ena aja ndikudziwa komwe ali, ndipo lililonse lili ndi mbiri yake. Limodzi ndinalisiya pa botolo la Fanta pa ukwati, nditawauza anyamata kuti asavutike kufuna chotsekulira. Lina linatsalira mu nzimbe ndikudikira minibasi pa Mpamba. Awiri anatha ndi kuluma ulusi posoka ukonde, poti mpeni unali patali, pafupifupi mikono iwiri kuchokera pomwe ndinakhala. Otsalawo anangochoka mwakachetechete, osatsanzika, ndipo ine ndinkati ndi msonkho wa ukalamba.

Koma amene watipusitsa kwambiri ife a kuno ndi kondowole. Munthu wa ku Ntchisi mano akamamuthera amadziwira pa chimanga chokazinga. Ife kondowole sititafuna. Timambwinyiza (mukhululuke, timaumba bwinobwino), kusunsa mu msuzi wa batala, n'kumeza. Amatsika yekha ngati Ilala ikuchoka pa doko. Ndiye munthu ukhoza kutaya mano khumi mimba osadandaula ngakhale tsiku limodzi. Palibe wokuchenjeza. Umadzazindikira pa Khirisimasi, apongozi atakupatsa ntchafu ya tambala wa chikuda, iwe n'kumaitembenuza m'kamwa ngati ukufufuza khomo.

Patapita sabata, dzino la kunsagwada linayamba kuwawa usiku. Safunsa anadya phula, ndiye ine ndinafunsa, koma ndinafunsa anzanga a pabawo. Wina anati ndiikepo asipirini. Anandiwotcha nkhama, dzino osasintha maganizo. Wina anati ndivuwate kachasu. Ndinavuwata, ndipo poti kulavula chinthu chogula ndi ndalama ndi tchimo, ndinameza. Wachitatu anati m'dzinomo muli kachimbozi, kofunika kukapha ndi madzi a batire. Apo ndiye mayi a m'nyumba anandilanda ndodo n'kundikweza kabaza wa kuchipatala.

Wondiona anali mtsikana woti ndikhoza kumubereka kawiri.

"Ada, mano mumatsuka kangati?"

"Lamulungu lililonse," ndinatero monyadira. "Komanso kukakhala ukwati kapena maliro."

Sanaseke, koma ndinaona mapewa ake akugwedezeka. Anandifotokozera kuti mbozi m'dzino mulibe. Muli tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timadya shuga wotsalira m'kamwa n'kutulutsa asidi, ndipo asidiyo ndi amene amaboola dzino. Anandifunsa masupuni a shuga mu tiyi wanga. Ndinati atatu. Mayi, ali pakhomo, anakweza zala zisanu. Mtsikanayo anatinso ife achikulire nkhama zimabwerera m'mbuyo ngati nyanja m'chilimwe, n'kusiya mizu ya mano pamtetete, ndipo mizuyo ndi yofewa, sichedwa kufumbwa. Mankhwala ena a BP amaumitsa m'kamwa, pomwe malovu ndiye mlonda wa mano. Matenda a shuga nawo ndi nkhama zotupa amayenda limodzi ngati mbala ndi wogula zakuba. Tikagona malovu amachepa, ndiye kutsuka kofunika koposa ndi kwa usiku, pogona. Kawiri pa tsiku, mphindi ziwiri, mankhwala otsukira mano ochepa ngati njere ya nsawawa. Ukatha ungolavula, osachukucha ndi madzi, kuti fluoride atsale akugwira ntchito. Mchenga ndi makala, zomwe tinakulira, anati zimapala dzino ngati mmene timapalira mamba a nsomba.

Kenako anandimaliza. Anati ku Japan, kuyambira 1989, ali ndi kampeni yotchedwa 8020, yolimbikitsa kuti munthu afike zaka 80 ali ndi mano ake 20. Ndinawerengetsera mumtima. Mayeso amenewa ine ndalephera ndi dzino limodzi, kutatsala zaka 12 kuti tilowe m'chipinda cholembera. Mwamwayi la kunsagwada lija anati likhoza kumatidwa, osati kuzulidwa. Ndinadabwa, chifukwa ine ndinkadziwa kuti kwa dokotala wa mano kumapita munthu wokatsanzikana ndi dzino.

Pobwerera, kabaza akudutsa mphambano ya ku Bandawe, ndinayamba kusaka wina woti ndimunamizire mlandu. Azungu a ku Scotland anafika pamenepo mu 1881 ndi Dr Robert Laws, natiphunzitsa kuwerenga, kuimba ndi kumanga tayi. Koma maphunziro a digiri ya udokotala wa mano m'Malawi muno anayamba mu 2019, ku College of Medicine, mothandizana ndi University of Glasgow. A ku Scotland omwewo, patatha zaka 138. Ndinawauza mayi kuti mwaona, anayamba ndi tayi, mano anawaika kumapeto, ndiye ine ndangotsatira ndondomeko. Iwo anati Laws sanandiuzepo kuti nditsekule Fanta ndi pakamwa.

Usiku womwewo ndinatenga mswachi watsopano, ndinatuluka panja, ndinayamba kukwecha, mdzukulu akuwerenga mphindi pafoni. Ndikulavula, ndinamva chitseko.

"Ada, usiku uno mukutsukira mano mukupita kuti?"

"Kukagona."

"Zaka 41 tili limodzi, simunanditsukirepo mano pokagona. Ndani ameneyo?"

Ndinawakumbutsa kuti kuchipatala kuja analipo, anamva okha. Iwo anati anamvadi, ndipo anaonanso mmene ndinkamumwetulira mtsikanayo ndi magweru anga onse.

Kuyambira tsiku limenelo sindituluka ndekha. Ndikangogwira mswachi, nawonso amatenga wawo n'kuima pambali panga, akuti ngati kuli kopita tipitira limodzi. Timakwecha awiriwiri pansi pa mtengo wa mango, moyang'anana, osalankhulana, thovu lili mbuu. Colgate amasunga ndi iwo, m'chikwama chawo cha ku Umanyano, ndipo amandifinyira okha. Nsapato zanga tsopano zasanduka zachikasu, moti Loweruka lapitali anyamata a m'boma anandiika mzere wa kumbuyo, pafupi ndi wonyamula madzi.