Sandutsani printa ya ku ofesi kukhala mgodi wa ndalama

Inu a ku Zomba amene malipiro amakutherani pa 5, taponyani maso pakona ya ofesi. Printa imene imangolavula makalata a misonkhanoyo ingathe kusindikiza matisheti a kwaya, a chinkhoswe ndi a ophunzira a ku Chanco. Njirayi amati DTF: chithunzi chimasindikizidwa pa pulasitiki, amawazapo ufa womatira, kenako amachidinda pa nsalu ndi makina otentha.

Choyamba, sankhani printa. Odziwa ntchitoyi amafuna Epson L805 kapena L1800, poti mutu wake umakankha inki osaiwiritsa, pomwe maprinta ambiri a HP ndi Canon amaiwiritsa. Inu musadzivute nazo. Nyamulani imene ili pafupi ndi chitseko. Bwana akafunsa, muwauze kuti yapita kokakonzedwa ku Blantyre.

Mukafika nayo kunyumba ku Matawale, zulani timagudumu ta mano timene timagwira pepala potuluka, chifukwa timakanda inki yosauma. Tisikuluu tikatsala 4 pomanganso, musade nkhawa. Akampani amaika tambiri pongokometsera.

Tsopano inki yoyera, mwini wake wa nkhaniyi. Popanda iyo chithunzi sichioneka pa tisheti yakuda, choncho matanki 2 mwa 6 a inki amene ali mu ma Epson aja amadzazidwa ndi yoyera. Muli titanium dioxide, mankhwala olemera amene amadikha pansi. Imafuna kukhutchumula tsiku lililonse, ndipo printa isagone osasindikiza kanthu. Ndiye kukagwa zovuta ku Jali, tsekani chitseko mukakhale sabata yathunthu. Pobwera mudzapeza mutu watsekeka, ndipo mtengo wa watsopano udzakukumbutsani mapemphero amene munaiwala.

Ufa womatira sugwirizana ndi chinyontho. Shopu yanu mukatsegule pamwamba pa phiri ku Chawe mu Januwale, nkhungu izilowa pazenera, ufawo upange mibulu ngati nsima ya wophunzira kuphika. Pousungunula, bwerekani uvuni wa mayi akunyumba. Utsi wa ufawo ndi woipa m'mapapo, komabe masikono a Lamulungu adzatuluka ndi kafungo ka fakitale.

Ena adzakuuzani kuti mutembenuze chithunzi pa kompyuta musanasindikize. Ndi nsanje imeneyo. Dzina la kwaya likatuluka chobwerera m'mbuyo, oimba aziliwerengera pagalasi. Podinda pamafunika madigiri pafupifupi 160 kwa masekondi 15, koma magetsi akathima tengani simbi yamakala, muyese kutentha kwake ndi malovu. Zilembo zikamatuka pa kuchapa koyamba, mlandu ndi wa sopo.

Za makasitomala musaope. Matisheti a kampeni munachedwa nawo, poti chisankho chinachitika pa 16 Sepitembala 2025, koma china chikubwera mu 2030. Muzingokhutchumula inki yoyera m'mawa uliwonse mpaka nthawiyo.

Koma ngati mukungofuna matisheti 20 a chinkhoswe cha mlongo wanu, kalipireni amene ali ndi makina ake. Printa ya bwana muibweze Lolemba m'mamawa, tisikuluu tonse tili m'malo.