Katswiri wa Zingwe wa ku Chinsapo

Mu Lilongwe muno ukatswiri suchita kuupitira kusukulu, umangokugwera. Ukangothandiza bwana kamodzi WhatsApp itavuta, basi ndiwe "wa IT", ngakhale pa pepala la malipiro palembedwebe kuti mesenjala. Ine ndine mmodzi wa akatswiri oterewa. Ndimakhala ku Chinsapo, ndimagwira ntchito pa kakampani kena kogulitsa malata ndi simenti cha ku Biwi, ndipo luso langa lonse lagona pa kuzimitsa chinthu n'kuchiyatsanso.

Chotisowetsa tulo pa ofesi pathu ndi angongole. Munthu aimba foni ya pa desiki n'kulumbira kuti Lachisanu abweza zonse. Lachisanu likafika, "Ine? Ndinati Lachisanu lake liti?" Bwana atatopa nazo anandiitana. "Iwe, ndikufuna zonse zolankhulidwa pa foni iyi zizisungika mu kompyuta. Mlandu suola." Ndinati, "Zosavuta zimenezo, bwana," monga ndimayankhira pa chilichonse chimene sindinachionepo.

Kumbuyo kwa kompyuta kuli timabowo titatu: kapinki, kobiriwira ndi kabuluu. Kunsonga kwa chingwe cha foni kuli kamutu ka pulasitiki kamene sikalowa m'bowo lililonse, ngakhale ukakankhe uku ukupemphera. Nzeru zanga zinati dula chingwe, senda waya, lumikiza ku mahedifoni akale, mata ndi selotepi. Lezala linali kale m'manja pamene mnyamata wina wokonza mawailesi wa ku Kawale, amene anadzagula misomali, anandigwira mkono.

"Akulu, mukufuna kuotcha kompyuta ya eni?"

Anandifotokozera kuti waya wa foni yotereyi amayenda ndi magetsi akeake, ma volts pafupifupi 48 foni ili chete, ndipo ikamaitana amakwera mpaka cha m'ma 90. Bowo la pinki lija analipangira kamphamvu kochepetsetsa ka maikolofoni. Chofunika, anatero, ndi kabokosi ka adaputa kolowa pa chingwe chopotanapotana chija, pakati pa foni ndi chogwirira chake, kuti kazitapa mawu okha n'kuwatumiza ku kompyuta. Ndinagwedeza mutu mwaulemu n'kunena kuti n'zimene ndimati ndichite, uku ndikulowetsa lezala m'thumba.

Kabokosiko ndinakasaka mumsika waukulu mpaka nsapato kupendama. Wogulitsa aliyense ankati, "Kalipo bwana, dikirani pompo," n'kuthamangira kuseri, n'kubwera ndi chaja. Nditakapeza ndinaika mu kompyuta pulogalamu yaulere yotchedwa Audacity, ndinadina kabatani kofiira, timizere n'kuyamba kuvinavina. Ndinapinda manja kuti onse aone.

Pomvetsera, munali phokoso lokhalokha ngati njuchi zatsekeredwa m'chitini. Mnyamata wa ku Kawale anati ndi kulira kwa magetsi a m'khoma, a 50 Hz, chifukwa chingwe changa ndinachigoneka pamwamba pa ekisitenshoni yomwe timawiritsirapo tiyi. Nditachisuntha, mawu anga anamveka mwamphamvu mpaka kupuma komwe, koma a kasitomala ankangonong'ona chapatali. Ndinasintha mabowo, ndinatsitsa uku n'kukweza uko, mpaka tonse awiri tinamveka bwinobwino. Magetsi anathima ndisanasunge.

Zitayamba kuyenda, mayi owerengera ndalama analowererapo. Anati Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha zimene anthu amalankhulana pa lamya, ndipo mu 2024 kunabweranso lamulo loteteza zokhudza munthu payekha, loyang'aniridwa ndi MACRA. Anatikumbutsa za makina a CIRMS amene anthu anawatcha "spy machine", momwe anazungulirira m'makhoti zaka ndi zaka. "Ngati a MACRA anatuluka nazo thukuta, kuli bwanji inu a ku Chinsapo?" Tinagwirizana kuti aliyense woimba tizimuuza kaye kuti mawu ake akujambulidwa.

Angongole athu si ana. Atangomva chenjezo, Lachisanu linatha m'kamwa mwawo. Ukafunsa tsiku, yankho n'lakuti, "Tiona mmene Mulungu atithandizire." Bambo wina wa ku Area 25 anangopereka moni, kufunsa za ana, kudandaula za mvula, n'kudula.

Kumapeto kwa mwezi bwana anatisonkhanitsa kuti timve umboni. Ndinatsegula sipika mokweza. Munthu woyamba kumveka ndinali ine, ndikuuza kasitomala wa ku Area 23 kuti lole yanyamuka kale, ili pa mlatho, pomwe chakumbuyo dalaivala akumveka akufunsa amene wabwereka jeke. Wachiwiri ndinali ine ndemwe, ndikuuza eni nyumba kuti ndili ku maliro ku Mchinji, supuni ikulira m'kapu. Bwana anaseka mpaka kupukuta misozi. Kenako panamveka mawu okhuthala odziwika bwino, akutsimikizira otigulitsa simenti kuti cheke chasainidwa kale, mnyamata ali m'njira. Mnyamatayo ndine, ndipo tsiku limenelo ndinatumidwa kukagula chipisi.

Mu ofesi munangoti zii. Bwana anakonza tayi. "Iwe wa IT, kompyuta imeneyi ilibe virus?" Ndinasuzumira kumbuyo kwake, kugogoda pang'ono, n'kutsimikiza mwaukatswiri kuti virus ilimo, yaikulu ndithu, ndipo yalowera pa bowo la pinki. Tinazula zonse tsiku lomwelo.

Kabokosi kaja ndinapita nako kunyumba kuti kasasowe. Mayi a ana anakatembenuzatembenuza, n'kufunsa ngati kangagwirenso pa foni yanga ya m'manja. Ndawalongosolera kuti n'zoopsa kwambiri: ma volts 48, nyumba ya lendi, ana aang'ono. Iwo angoti chabwino, mawa ali ndi ulendo wa ku Kawale kukakonzetsa wailesi.