Ndinavotera Pakamwa, Makutu Ndinawaiwala

Pa riferendamu ya pa 14 June 1993, ambiri kuno ku Dedza anavotera tambala wakuda, kuti chipani chikhalebe chimodzi. Ine ndinasankha nyali ya zipani zambiri, koma sindinauze ngakhale mayi akunyumba, poti kuno kunali kuchimake kwa Kongeresi, kwawo kwa malemu a John Tembo. Nyali itapambana, pakamwa panga panatseguka, ndipo mpaka lero palibe wapeza chotsekera.

Mu 1998 kunabwera lamulo la maboma aang'ono, ati mphamvu ku anthu, chitukuko chiziyambira kumudzi. Ine ndinamva kuti mphamvu ku ine. Msonkhano wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi, VDC, sundiphonya.

Makolo athu pabwalo la milandu ankadziwa kumvetsera. Wodandaula akamaliza, nduna inkabwereza mawu ake, anthu n'kuwomba m'manja, kenako winayo n'kuyankha zimene zanenedwazo. Ine mnzanga akamalankhula ndimagwedeza mutu mwaulemu, koma m'katimu ndimakhala ndikunola mawu anga ngati chikwanje.

Mwezi wa June wapitawu tinakumana kumunsi kwa phiri, chisanu chikulowa mpaka m'mafupa. Nkhani inali yoti tipemphe chiyani ku thumba la CDF: mjigo, kapena mlatho woti ngolo za mbatatesi ziziwoloka kupita kumsika wa Bembeke nthawi ya dzinja. Gogo wina analankhula motsitsa, atafunda zitenje ziwiri. Atangokhala pansi ndinadzambatuka.

"Zikomo a tcheyamani. Ine zambiri ndilibe."

Amene amandidziwa anayamba kufunafuna potsamira.

Ndinawatsutsa gogowo mwaulemu wonse, chipewa chili m'manja. Ndinafotokoza za mavenda amene amatigula mbatatesi motchipa chifukwa galimoto sizifika kumunda. Ndinakhudzapo za feteleza, za kugwa kwa kwacha, ndipo sindikudziwa kuti ndinafikako bwanji, koma ndinatchulanso zojambula za m'mapanga a Chongoni ndi UNESCO. Pomaliza ndinapempha gogowo kuti asinthe maganizo, avomere mlatho.

"Mwana wanga," anatero gogowo, "inetu ndanena mlatho womwewo."

Alembi anasiya kulemba, akuti bolopeni yauma ndi kuzizira, koma mapewa awo ankagwedezeka.

Vuto linali loti anthu amene anabwera akufuna mlatho anali atatopa nawo. Bambo wina anati ngati mlatho wake ndi wautali ngati mawu angawo, ndalamazo sizikwana. Dzuwa linali litabisala kuseri kwa phiri, a tcheyamani anati tingokweza manja.

Mjigo unapambana ndi dzanja limodzi. Mayi akunyumba, amene amatunga madzi kudambo m'bandakucha, anakweza lawo osandiyang'ana n'komwe. Anga onse awiri anali m'khwapa, ndikuwafunditsa, uku ndikukonza zoti ndikanene pothokoza anthu chifukwa chosankha mlatho.