Mbale zosadyera

Mdzukulu wanga atandimva ndikudandaula za mbale zanga zakale, anathamangira kukhitchini. Ana a masiku ano! Kwa iwo mbale n'zodyera basi.

Gumbagumba yathu anabwera nayo amalume kuchokera ku Joni, nthawi ya Wenela, ndege ya Wenelayo isanagwe ku Francistown mu 1974. Inkakhala patebulo itafunditsidwa nsalu ngati mkwatibwi, ndipo mwana woikhudza ankaulawa mkwapulo. Sipika tinkaivundikira pakamwa pa mtsuko kuti mawu azigunda m'chifuwa. Singano ikayamba kudumpha, tinkaisenzetsa katambala pamutu. Mabatire akafooka, padzuwa.

Koma dzuwa la ku Mangochi silisankha. Tsiku lina wina anaiwala mbale ya Mahotella Queens pawindo, pofika madzulo inali itapindika ngati usipa wouma. Kutaya? Ayi ndithu, tinkaiikabe. Mahlathini, woimba nawo m'mbalemo, ankabuula ngati munthu amene mwera wamupeza m'bwato cha ku Malindi, ife n'kumavina chomwecho, fumbi koboo!

Mdzukuluyo ali ndi nyimbo zankhaninkhani m'foni. Amamvera yekhayekha, tizingwe m'makutu, ndipo ndikamuitana kuti nsima yapsa sayankha.