Buku la Zolowa ndi Zotuluka Pakhomo pa a Cooper

Khomo ili ndi la mu filimu ya Interstellar, imene Christopher Nolan anatulutsa mu 2014. M'buku lino mulibe ndalama. Zonse zawerengedwa m'maola, masiku ndi zaka, ndipo pa chinthu chilichonse palembedwa dzina la amene analipira.

Zopezeka pakhomo tsiku lotsegula buku

Bambo mmodzi, a Cooper, mlimi, amene kale ankayendetsa ndege za NASA. Mayi anamwalira. Agogo aamuna, a Donald, apongozi awo a bambo. Ana awiri: Tom wa zaka 15 ndi Murph wa zaka 10. Munda wa chimanga chokhachokha, poti tirigu anatha kalekale ndi chiwawu ndipo therere nalo likutha. Galimoto imodzi. Mawotchi awiri apamkono. Fumbi lambiri, moti mbale amazivundikira pa tebulo mpaka chakudya chipse.

Mitengo yake

Nthawi siyenda mofanana paliponse. Pamene mphamvu yokoka zinthu ili yaikulu, wotchi imachedwa. Izi sanapeke Nolan. Albert Einstein anazifotokoza mu 1915, ndipo lero lomwe mawotchi a m'masetilaiti a GPS amatsogola ndi mamaikulosekondi pafupifupi 38 patsiku, moti akatswiri amachita kuwakonzeratu kuti mapu a pafoni asatisocheretse. Filimuyi inangokweza mtengo. Kip Thorne, katswiri wa sayansi amene analangiza opanga filimuyi, yemwenso analandira mphoto ya Nobel mu 2017, anawerengera kuti chidzenje chakuda cha Gargantua chiyenera kulemera ngati madzuwa 100 miliyoni ndi kuzungulira pa liwiro loyandikira malire enieni, kuti pa pulaneti la Miller, limene mufilimuyi lili pafupi ndi chidzenjecho, mitengo ikhale iyi:

Ola limodzi: zaka 7 za kunyumba.
Mphindi imodzi: masiku pafupifupi 43.
Sekondi imodzi: maola pafupifupi 17.

Zogula sizibwezedwa. Munthu amapita kutsogolo kokha, mofulumira kapena mochedwa. Mufilimuyi, chimene chingawoloke kupita m'mbuyo ndi mphamvu yokoka yokha basi.

Zotuluka

Kutsanzikana ndi Murph, bambo akunyamuka paulendo wa NASA wokafufuza dziko lina lokhalika: sikunatheke. Bambo anamupatsa wotchi, n'kumuuza kuti mwina pobwera adzapezeka ali a zaka zofanana. Mwana anaiponya uko. Anadzatuluka akuthamanga galimoto itapita kale. Wolipira: onse awiri.

Ulendo wa ku Saturn, kumene kuli khomo la njira yachidule yopita ku nyenyezi zina: zaka 2. Bambo anagona tulo ta m'chombo mbali yaikulu ya ulendowu. Ana anazilipira ali maso.

Pulaneti la Miller: zaka 23, miyezi 4 ndi masiku 8. Kwa bambo anali maola atatu ndi mphindi zingapo. Anagwirizana zoti angotera, atenge Miller, wofufuza amene anatsogola kumeneko, ndi zimene anapeza, n'kunyamuka. Anapeza madzi olekeza m'mawondo ndi zidutswa za chombo chake. Zimene ankaziona ngati mapiri patali anali mafunde. Amelia Brand, mnzawo wa paulendo, anakakamira kukatenga kabokosi kosunga zofufuza, funde linakokolola mnzawo wina Doyle, madzi analowa m'mainjini, ndipo anakhala pansi kudikira kuti madziwo atuluke. Aliyense wa iwo ankadziwa mtengo wa mphindi iliyonse imene ankadikirayo. Zimene anabwera nazo: palibe.

Romilly, mnzawo amene anatsala m'chombo chachikulu cha Endurance, anawalandira ali ndi imvi kundevu. Si wa pakhomo lino, koma zaka 23 zomwezo anazilipira ali yekha, ndipo dzina lake lilembedwe.

M'zaka 23 zimenezi muli zinthu zimene ziyenera kulembedwa chimodzichimodzi, chifukwa nambala yokha imazibisa. Mauthenga a vidiyo ankatha kufika kuchombo koma a kuchombo sankafika kunyumba, choncho bambo anaona zonsezi pa kuonera kumodzi, alibe poyankhira:

Tom kumaliza sukulu, bambo palibe.
Tom kupeza mbeta, Lois.
Mdzukulu woyamba, Jesse, kubadwa. Agogo ake, a Cooper, anamuona pa galasi pokha.
Jesse kumwalira.
A Donald kumwalira, atalera ana a mwana wawo mpaka kukula, n'kuikidwa kuseri kwa nyumba pafupi ndi mwana wawoyo ndi Jesse. Anaika maliro ndi Tom.
Tom kunena kuti waleka kutumiza mauthenga, poti palibe akumva.
Murph kulankhula koyamba, pa tsiku limene anakwanitsa zaka zimene bambo anali nazo ponyamuka.

Mzere wa Tom ndi umene umandipweteka. Mlongo wake anakwiya n'kukhala chete zaka zoposa 20. Iye anapitiriza kulankhula ndi bambo amene sankayankha, kuwauza za sukulu, za mkazi, za mwana, za manda. Anasunga munda, nyumba ndi galimoto imene anamusiyira.

Pulaneti la Mann: pano nthawi sinadule kwambiri, chinadula ndi bodza. Mann, wofufuza wina amene anatsogola, anatumiza uthenga woti dziko lakelo n'lokhalika kuti ena abwere kudzamupulumutsa. Zowonongeka: moyo wa Romilly, mbali ya chombo, ndi mafuta amene bambo ankati abwerere nawo kwa ana.

Kuzungulira Gargantua kuti chombo chipeze liwiro lokafikira pa pulaneti la wofufuza wina, Edmunds: zaka 51. Filimu imadutsa pamenepa m'mphindi zochepa ndipo palibe uthenga wa vidiyo wotiuza zimene zinali m'zakazo.

Zonse pamodzi: zaka zoposa 76.

Zotumizidwa m'mbuyo

Atagwera m'chidzenje, bambo anapezeka kuseri kwa shelefu ya mabuku m'chipinda cha Murph, akuona masiku onse a chipindacho nthawi imodzi. Kulowamo sakanatha. Mawu awo sankamveka. Anagwetsa mabuku kuti adziuze okha kuti asapite, ndipo anadziona akupita ndithu. Zimene zinachitika sizisintha. Kenako anazindikira kuti mizere ya fumbi imene inawalozera kumalo obisika a NASA anailemba ndi iwo omwe. Wotumiza bambo paulendo ndi bambo yemweyo, ndipo ngongole yonse ili pamwambayi anaisainira kawiri, ulendo wachiwiri akudziwa mtengo wake. Zimene loboti TARS anapeza m'kati mwa chidzenje anaziika mu kamuvi ka masekondi ka wotchi ya Murph, m'zizindikiro za Morse.

Zolowa

Murph, amene tsopano anali katswiri wa sayansi, anawerenga kamuviko n'kumaliza masamu amene Pulofesa Brand wa ku NASA anawasiya. Anthu anachoka pa dziko lofota n'kukakhala m'midzi ya mumlengalenga. Umodzi mwa midziyo, pafupi ndi Saturn, anautcha Cooper Station polemekeza Murph. Phindu limeneli ndi lalikulu ndipo sindikulichepetsa.

Bambo anabwera ali ndi zaka 124 zowerengera kunyumba, thupi lili lomwe lija. Kuonana ndi Murph: mphindi zochepa, iye ali nkhalamba pa bedi la chipatala, ana ndi adzukulu atamuzungulira. Murph anawauza kuti asadikire kuona imfa ya mwana wawo, apite kwa Amelia Brand. Murph anabwezeredwa ndithu, ngakhale pang'ono. Anadziwa kuti bambo sanamutaye, ndipo anawagwira dzanja.

Zotsala osalipidwa

Tom ali ndi zolakwa zake. Anakana kuchotsa Lois ndi mwana wawo wachiwiri pa munda fumbi litawalowa m'mapapo, ndipo anamenya dokotala amene anawayeza. Murph anachita kutentha chimanga chake kuti amuchotse pakhomo. Koma munthu ameneyu anauzidwa ali ndi zaka 15 kuti asamale munda, ndipo anausamala mpaka unayamba kupha banja lake. Uthenga wa m'wotchi sunali wake. Mabuku sanagwe m'chipinda chake. Timamuona komaliza atathimitsa moto m'munda, mlongo wake akumukumbatira. Bambo atadzuka ku Cooper Station sitiwamva akufunsa kuti Tom anafa liti kapena anaikidwa kuti. Pamenepa Nolan analakwa. Pakhomo pano panali ana awiri, ndipo filimu inabweza ngongole ya mmodzi yekha.